Thanki ya madzi amchere: zolemba za chaka changa choyamba

Malichi

Ndasankha thanki ya malita 200. Mtima unali pa kathanki ka malita 40, poti n'kotchipa komanso sikadya malo, koma aliyense woweta makorali amene ndacheza naye kuno ku Durban wanena chimodzimodzi: madzi ochepa sachedwa kusintha. Amatentha msanga, mchere umakwera msanga, ndipo kanyama kakafera kuseri kwa mwala, usiku umodzi wokha madzi onse aonongeka. Wophunzira amafunika madzi ambiri, oti azimupatsa mpata woona vuto lisanakule.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, amchere amaposako pang'ono. Ukaphatikiza galasi, miyala ndi mchenga, katundu yense adutsa makilogalamu 250. Thankiyo ndaikhazika pa choikapo chachitsulo, pafupi ndi khoma, kutali ndi windo, chifukwa dzuwa limatenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere. Ikangodzaza sidzasunthikanso, n'chifukwa chake malo ndawaganizira kwambiri kuposa mtundu wa galasi.

Nsomba za m'galasi si zachilendo kwa ine. Ndinawetapo mbuna, zomwe zija za m'miyala ya ku Cape Maclear ndi Nkhata Bay, zimene zimagulitsidwa m'masitolo a ziweto m'maiko ambiri. Mbuna zimapirira. Ukaiwala kusintha madzi sabata ina, zimangodya ndi kuthamangitsana monga mwa masiku onse. Makorali ndauzidwa kuti alibe chikhululukiro chotere.

Ndalemba mitengo ya zonse ndisanagule kanthu. Galasi lenilenilo ndi gawo laling'ono la ndalama. Zodula ndi nyali, mapampu, hita, skimmer yochotsa zonyansa m'madzi, makina osefera madzi, zoyezera, ndi mchere umene ndizigula mwezi ndi mwezi mpaka kalekale. Ndaona kuti bola kuchedwa kuyamba kusiyana ndi kuyamba zipangizo zili zoperewera.

Epulo

Mwezi uno ndaphunzira kupanga madzi. Apampopi saloledwa, ngakhale ndi abwino kumwa. Muli chlorine, nthawi zina phosphate, silicate ndi kopa wochokera m'mapaipi. Zina mwa izi zimadyetsa ndere, zina zimapha nkhono ndi makorali. Madzi amayenera kudutsa m'makina osefera madzi a RO/DI, ndipo kachipangizo ka TDS, koyeza zosungunuka m'madzi, kakuyenera kuwerenga 0 asanathiridwe mchere. Makinawa amatulutsa madzi modontha, ndipo ambiri amapita kumbali ngati otaya. Amenewo ndikumatungira m'ndowa, ndikuchapira ndi kukolopera.

Mchere wake si wa kukhitchini. Ndi wosakaniza kale, muli calcium, magnesium ndi zina zimene zimapezeka m'nyanja. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu iliyonse, ndipo pa refractometer, chipangizo choyezera mchere, zimenezi zimaoneka ngati 35 ppt kapena 1.026. Umayamba wathira madzi m'chidebe, mchere n'kumauthira pang'onopang'ono pampu ikuzungulitsa. Ukatembenuza, n'kuthira madzi pa mulu wa mchere, calcium amagwirana n'kusanduka fumbi loyera losasungunukanso. Ndikumasiya pampu ikugwira ntchito usiku wonse ndisanayeze.

Refractometer nayo imanama ikapanda kukonzedwa. Achikulire ena a m'sitolo ya nsomba anandigulitsa kabotolo ka madzi a 35 ppt enieni, nati ndizidontheza kaye amenewo kuti ndione ngati mzere ukugwera pamalo pake.

Chimene chandidabwitsa kwambiri ndi ichi: madzi amauma, mchere suuma. Pa malita 200 a 35 ppt, akauma malita 10 mchere umafika pafupifupi 37 ppt. Choncho obwezeretsa amene auma ndi madzi opanda mchere. Amchere amalowa pokhapokha ndachotsa amchere anzake. Ndalemba kamzere ndi cholembera pa galasi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimadzazira kufika pa kamzereko.

Meyi

Miyala ili m'kati, mchenga wa aragonite uli pansi, mapampu akulira, koma mulibe chamoyo chooneka ndi maso. Ndagwiritsa ntchito miyala youma, yosachokera m'nyanja posachedwa, kuphatikiza kamwala kamodzi kamoyo kamene mnzanga wina anachotsa m'thanki yake yakale kuti kabweretse mabakiteriya.

Mabakiteriya amenewa ndiwo ziweto zoyamba. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'ndowe, ndipo amoniya ndi poizoni ngakhale atachepa. Gulu limodzi la mabakiteriya limasandutsa amoniya kukhala nitrite, lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapweteka kwambiri ndipo amachepetsedwa posintha madzi. Amakhala m'timabowo ta miyala ndi mumchenga, ndipo kuti achulukane mokwanira pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, nthawi zina kuposa. Kale anthu ankaponyamo nsomba yolimba kuti iyambitse zimenezi, iyo n'kumavutika ndi poizoni. Palibe chifukwa chozunzira chamoyo. Ndathira ammonium chloride kufika 2 ppm, ndipo ena amangoponyamo kachidutswa ka prawn yaiwisi kuti kaole.

Alamu anga anabwera Loweruka lina, nayang'ana galasi mbali zonse, kenako anati, "Alamu, ndalama zonse zija, nsombazo zili kuti?" Ndinawaonetsa timabotolo toyezera tili pamzere pa tebulo. Koyeza amoniya kanali kobiriwira kwambiri sabata zoyamba, tsopano kakutuwa kupita ku chikasu. Ka nitrite kanafiira, kenako kayamba kuyera. Iwo anangogwedeza mutu. Sindikuwadabwa. Mwezi uno ndi wotopetsa, ndipo pali madzulo ena amene ndakhala ndikudzifunsa ngati sindinalowe m'chinthu chosandiyenera.

Chizindikiro choti zatheka n'chosavuta: ukathira amoniya kufika 2 ppm, pakatha maola 24 amoniya ndi nitrite zonse ziwerenge 0. Kumapeto kwa mwezi zinatero.

Juni

Thanki yanyansa. Nditangoyamba kuyatsa nyali, mchenga woyera uja unakutidwa ndi fumbi lofiirira, galasi nalo chimodzimodzi. Amati ndi ma diatom, tizomera tating'onoting'ono timene timadya silicate wa mumchenga ndi m'miyala yatsopano. Silicate akatha, nato timatha tokha. Pambuyo pake pamabwera ndere zobiriwira zaubweya, mwinanso cyanobacteria wofiira woterera. M'sitolo muli mabotolo ambiri olonjeza kuthetsa zonsezi, koma amene akhalitsa pa ntchitoyi andiuza kuti ndisathire m'madzi chilichonse chimene sindingathe kuchiyeza. Ndachepetsa maola a nyali, ndikuzula ndere ndi dzanja, ndipo sabata iliyonse ndikusintha malita 20, gawo limodzi mwa magawo khumi.

Zamoyo zoyamba kulowa ndi nkhono za mtundu wa Trochus. Nkhono ndi shrimp sizipirira kusintha kwadzidzidzi kwa mchere, choncho ndinaziika m'kambale ndi madzi a m'thumba lawo, n'kumadontheza a m'thanki kudzera m'kapaipi kakang'ono komangidwa mfundo kwa pafupifupi ola.

Usiku wina ndinakhala pansi ndi tochi kuyang'ana imodzi ikukwera galasi. Kunsi kwake kumaoneka kakamwa kozungulira, kakutseguka ndi kutseka, kalilime kokhakhala kakupala ndere n'kumasiya kanjira koyera kokhotakhota. M'mbali mwa tinyanga take muli timadontho tiwiri takuda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo usiku umenewo ndinawaonadi. Kuseri kwake, pa galasi lomwelo, panali tizilombo toyera tochepa kuposa njere ya mchenga, tikudumphadumpha. Ndi ma copepod, ochokera m'kamwala ka mnzanga kaja. Sindinawagule, sindinawadyetse, achulukana okha chifukwa madzi akhazikika.

Julayi

Nsomba zafika, koma sizinalowe m'thanki yaikulu. Zili m'kathanki kapadera ka malita 40, kopanda mchenga, muli hita, kasefa ka siponji ndi zidutswa za mapaipi apulasitiki zobisalamo. Ndi ma clownfish awiri a mtundu wa Amphiprion ocellaris, obadwira m'thanki, osagwidwa m'nyanja.

Patapita masiku, kamodzi kanayamba kudzikhula pa paipi, ndipo pa zipsepse panatuluka timadontho toyera. Ndi matenda otchedwa ich, oyamba ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans. Kachilomboka kamadya pa khungu la nsomba, kenako kamagwa pansi, n'kudzitsekera m'kachikwa, n'kuswa ana ambiri amene amakasaka nsomba ina. Timadontho tikasowa munthu amaganiza kuti nsomba yachira, chonsecho matenda angopita pansi kukachulukana. Mankhwala odalirika ndi a kopa, koma kopa amapha makorali, nkhono ndi shrimp, ndipo amalowerera m'miyala. Matendawa akanalowa m'thanki yaikulu, ndikanayenera kuchotsa nsomba zonse ndi kuisiya yopanda nsomba kwa miyezi yoposa iwiri kuti kachilomboka kafe ndi njala. Apa ndathira kopa m'kathanki kakang'ono, ndikumuyeza tsiku ndi tsiku, ndipo onse awiri akudya.

Mwana wa mlongo wanga, ataona ma clownfish, anati, "Amalume, Nemo mwagula, tsopano mugule Dory." Ankanena nsomba za mufilimu. Nsomba ya mtundu wa Dory, Paracanthurus hepatus, imakula mpaka masentimita 30 ndipo imasambira mtunda wautali tsiku lonse. Malita 200 ndi ndende kwa iyo. Ndinamuuza kuti thanki ino ndi ya nsomba zing'onozing'ono zinayi kapena zisanu basi, ndipo zizilowa imodziimodzi kuti mabakiteriya azipeza nthawi yochulukana.

Ma clownfish onse amayamba ngati amuna. Wamkulu pa awiriwo ndiye amasanduka wamkazi. Kale ndikuona kamodzi kakukula kuposa kanzake, ndipo kakang'onoko kakakumana nako kamanjenjemera thupi lonse posonyeza kugonja.

Ogasiti

Magetsi anazima madzulo ena kwa maola angapo. Poyamba nkhawa yanga inali pa nyali ndi hita, koma chimene chimapha msanga ndi kusowa kwa mpweya. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kuposa madzi opanda mchere, ndipo akafunda amasunga wochepa kwambiri. Mpweya umalowa pamwamba pamene madzi akugwedezeka. Mapampu akaima, pamwamba pamakhala bata, pamene nsomba, nkhono ndi mabakiteriya a m'miyala onse akupitiriza kupuma. Makorali akhoza kukhala masiku angapo opanda nyali, ndipo malita 200 amazizira pang'onopang'ono, koma mpweya ukhoza kutha m'maola ochepa.

Ndinali nditagula kale kapampu ka mpweya koyendera mabatire, kotchipa kuposa nsomba imodzi. Ndinakayatsa, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkatunga madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba. Galasi ndinalifunditsa bulangete. Kutentha kunatsika ndi digiri imodzi yokha. Mwezi uno ndagula batire lalikulu loyendetsa pampu imodzi yozungulitsa madzi. Aliyense wokhala kumene magetsi amazimazima ayenera kuika chimenechi pa mndandanda woyamba, asanaganize za korali iliyonse.

Ma clownfish atha nthawi yawo yodzipatula ndipo alowa m'thanki yaikulu. Asankha kona imodzi pafupi ndi pampu. Anemone, imene ma clownfish amakhalamo m'nyanja, sindinawagulire. Sifunikira kuti iwo akhale ndi moyo, ndipo anemone imafuna thanki yokhwima, imayendayenda, imaluma makorali, ndipo ikalowa m'pampu imaononga madzi onse.

Seputembala

Makorali oyamba ndi ofewa: tizidutswa ta mushroom, ta zoanthid, ndi leather imodzi ya mtundu wa Sarcophyton. Onse ndi ma frag, tizidutswa todulidwa ku makorali okulira m'mathanki a anthu ena n'kumatidwa pa timiyala. Acropora, wanthambi zokongola uja, amafuna kuwala kwamphamvu, madzi othamanga ndi manambala osasuntha n'komwe. Ameneyo si wa chaka chino.

Korali ndi nyama, ngakhale imaoneka ngati chomera. M'thupi mwake mumakhala tindere tating'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya ndi kuwala n'kumagawira koraliyo. Ichi ndicho chifukwa chake nyali ndi yodula chonchi. Madzi oyenda nawo ndi ofunika mofanana, chifukwa korali singasunthe kukafuna chakudya kapena kuthawa zonyansa zake. Mapampu anga akuzungulitsa malita pafupifupi 4,000 pa ola, kuchulukitsa madzi a m'thanki ka 20, ndipo ndawalozetsa kuti mafunde azigundana m'malo molasa korali mwachindunji.

Za ma zoanthid ndachenjezedwa mwamphamvu. Ena mwa iwo, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi palytoxin, imodzi mwa poizoni zoopsa kwambiri zachilengedwe. Pali mabanja amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa wina anawiritsa kapena kukwecha mwala wokhala ndi makoraliwa m'nyumba. Ndimavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo mwala wa m'thanki sudzaona madzi otentha.

Leather ija inandiopsa. Itakhala masiku ikutambasula timiyendo take tobiriwira, inangotseka, n'kukhala yosalala, yonyezimira, yopendekera mbali. Dzanja linkandiyabwa kuti ndiisunthe, ndisinthe nyali, ndithire kanthu. Ndinayeza madzi, zonse zinali m'malo, ndipo ndinaisiya. Patapita masiku kakhungu kopyapyala kanayamba kusendeka m'mphepete, mafunde n'kukachotsa, ndipo m'mawa mwake timiyendo tonse tinatuluka, tambiri kuposa kale. Umu ndi mmene Sarcophyton imadzitsukira ndere ndi zinyalala. Ndikanaisuntha, ndikanaisokoneza ili pakati pa ntchito yake.

Novembala

Kope langa ladzaza manambala. Kutentha 25 mpaka 26. Mchere 35 ppt. pH pakati pa 8.0 ndi 8.3. Alkalinity 8 dKH, calcium 420 ppm, magnesium 1,300 ppm. Pa miyala payamba kutuluka madontho apinki olimba, ndere za coralline, ndipo ndaonjezera korali imodzi yamafupa, hammer. Kuyambira pamenepo alkalinity yayamba kutsika pakati pa sabata, chifukwa zonse ziwiri zimamanga mafupa a calcium carbonate kuchokera m'madzi. Pa dKH imodzi iliyonse imene yadyedwa, calcium amatsika ndi 7 ppm yokha, choncho alkalinity ndiyo imaonetsa msanga kuti zinthu zikusintha. Ndiyo ndimayeza kawirikawiri kuposa zina zonse.

Ndafunsa anthu angapo nambala yabwino kwambiri. Wina amasunga 7, wina 9, ndipo onse makorali awo akukula. Chimene amagwirizana n'chakuti 8 wa tsiku lililonse amaposa 7 lero, 10 mawa. Korali imazolowera madzi amene ilimo. Chimene singakwanitse ndi kuzolowera madzi atsopano sabata iliyonse. Ngakhale nitrate ndi phosphate safunika kufika 0, chifukwa zooxanthellae zimadya zomwezo.

Pa kamwala ka frag imodzi pamera Aiptasia, ka anemone kofiirira kamene kamaluma makorali ndipo ukakadula kachidutswa kalikonse kamamera. Ndachotsa kamwala konseko. Kuyambira tsopano frag iliyonse ndiziiviika m'mankhwala ake ndi kuiyang'anitsitsa ndi tochi isanalowe.

Disembala

Pa tchuthi tinapita ku Sodwana Bay, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, m'dera la iSimangaliso limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1999. Makorali a kumeneko ali m'gulu la makorali a kum'mwera kwenikweni m'nyanja ya Indian. Nditaona mmene nsomba zimayendera m'magulu pamwamba pa miyala yamoyo, ndinamvetsa kuchepa kwa chimene ndili nacho kunyumba, komanso mtengo wake weniweni.

Miyala ya makorali imatenga malo osakwana gawo limodzi pa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma imasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mitundu ya zamoyo za m'nyanja. Nsomba zambiri za m'mathanki amchere zimagwidwabe kuthengo. Ku Philippines ndi ku Indonesia ena akhala akuzigwira pozikomola ndi cyanide, amene amaphanso makorali a pamalopo. Banggai cardinalfish, ya kuzilumba za Banggai ku Indonesia, inaikidwa ndi IUCN m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yakutha mu 2007, makamaka chifukwa chogwidwira mathanki. Nsomba imeneyi imasunga mazira m'kamwa monga mbuna, kungoti kwa iyo ndi yaimuna imene imatero, ndipo imaswa mosavuta m'thanki. Makorali amafupa ali pansi pa malamulo a CITES, ndipo kuwatumiza kunja kumafuna chilolezo. Kutola zamoyo m'malo otetezedwa ngati Sodwana n'koletsedwa.

Kutaya nako n'koopsa. Lionfish, ya ku nyanja za Indian ndi Pacific, inaoneka ku Florida m'ma 1980 ndipo lero yafalikira ku Caribbean konse, ikudya nsomba za kumeneko. Akatswiri ambiri amati inachokera m'mathanki a anthu. Nyanja ili pafupi ndi kwathu kuno, koma palibe nsomba, ndere kapena mwala wa m'thanki yanga umene udzalowemo. Funso langa loyamba m'sitolo tsopano ndi lakuti, "Kodi iyi yabadwira m'thanki?"

Januwale

Durban watentha. Masana ena madzi anafika madigiri 28, ndipo hammer inakwinyika. Korali ikakhala m'madzi otentha kuposa amene inazolowera, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, imatulutsa zooxanthellae zake, n'kuyera, ndipo kutenthako kukapitirira imafa ndi njala. Zimenezi zinachitika m'nyanja zambiri mu 1998, ndipo mu 2016 zinaononga kwambiri kumpoto kwa Great Barrier Reef ku Australia. Ndinkaziwerenga ngati nkhani yakutali mpaka nditaona korali yanga ikukana kutambasuka.

Ndamangirira kafani koomba pamwamba pa madzi, ndipo katsitsa kutentha kufika 26. Madzi akuuma kwambiri chifukwa cha kafaniko, choncho ndaika kachipangizo kodzazira kokha madzi opanda mchere. Hammer yayambanso kufufuma.

Chaka chikubwerachi sindikufuna kuonjezera zambiri: nsomba imodzi kapena ziwiri zobadwira m'thanki, zodutsa kaye m'kathanki kodzipatula, ndipo Acropora adikire mpaka alkalinity itakhala miyezi ingapo osagwedezeka. Wina akandifunsa poyambira, ndimuuza kuti agule makina osefera madzi, refractometer, zoyezera, kapampu ka mabatire ndi kope asanayang'ane n'komwe nsomba, asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo akaona chachilendo ayambe wayeza madzi asanalowetse dzanja. Ma mushroom anga agawikana ndipo adzaza mwala wawo. Mwezi wamawa ndidula angapo kuti ndipatse mnyamata wina wa kuntchito amene thanki yake yangomaliza kukhwima, ndipo ndimulembera papepala mchere, kutentha ndi alkalinity za madzi amene akuliramo, kuti akonze ake afanane nawo asanabwere kudzatenga.